Mlandu wa Matsache 412

Namanyazi anayamba ndi kolala. Anaiwaza timadzi ndi zala, n'kuyendetsa simbi pang'onopang'ono kuchokera kunsonga ina kukafika kunsonga inzake, kenaka n'kubwereranso. Kolalayo inali itawongoka kalekale. Anatembenuza malayawo n'kuyamba mkono wakumanzere, umene anali atausita kale kawiri.

"Malayawo ukufuna asanduke pepala?" azakhali ake anafunsa ataima pakhomo la khitchini. "Malume ako akhala ndi vesiti yokha chidzukire, ngati akudikira jakisoni."

Malumewo anakhaladi pampando ndi vesiti yokha, nsapato atavala kale, kalata ili pabondo. Kalatayo inkanena kuti pa miyezi inayi fakitale inagula matsache 412, kuti amene ankavomera kuti katunduyo wafika anali iwowo monga wosunga katundu, ndiponso kuti powerengera katundu Lachisanu sipanapezeke tsache ngakhale limodzi. Apolisi afika eyiti koloko. Malumewo anali atagwira ntchito pafakitalepo zaka 26, ndipo kunangotsala miyezi isanu kuti apume ndi penshoni yawo.

"Amuna a anzanga akaba amaba simenti, amaba matayala," azakhali anapitiriza. "Inu matsache. Ndikawauza chiyani anthu?"

"Sindinabe kanthu, mayi."

"Nanga ali kuti?"

Malume anayang'ana nsapato zawo. Namanyazi anazimitsa simbi. Panalibenso pena posita.

*

Dzina loti Namanyazi analitenga kusukulu, ndipo linamutsatira mpaka kuntchito, kumene malume ake omwewo anamupezera malo. Fakitaleyo inkapanga zidebe ndi mabeseni apulasitiki. Pulasitikiyo ankagula ndi a kulikulu, koma fakitale siyenda ndi pulasitiki yokha. Pamafunika girizi, malamba a makina, magolovesi, mababu, sopo wa kuchimbudzi ndi tina totero. Kale aliyense ankangolemba chimene akufuna pakapepala kobiriwira, ndipo panalibe wodziwa kumene ndalama zikuthera. Ndiye a kulikulu anatumiza katswiri wa makompyuta, amene anakhoma tabuleti, kakompyuta kodina ndi chala, pakhoma la nyumba yosungiramo katundu. Ukafuna chinthu, udine chithunzi chake, ulembe nambala. Pempho lako lipita pakompyuta ya bwana, bwana aike chala chawo pakagalasi kofiira, basi uthenga wapita kwa wogulitsa. Poti Namanyazi yekha ndiye anali ndi setifiketi ya kompyuta, anamuika kuti aziyang'anira zonsezi, n'kumupatsa tabuleti yakeyake yoyenda nayo.

Atalowa mu ofesi ya bwana ndi mapepala a tsikulo, anapeza wapolisi atakhala kale. A Sajeni anali munthu wamkulu thupi, koma kabuku kawo kanali kakang'ono ngati bokosi la machesi.

"Kale akuba ankabisala m'mapepala, Sajeni," bwana ankafotokoza. "Lero kompyuta imaona zonse. Kuwala kumeneku ndinabweretsa pano ndine. Amene akulimbana ndi kompyuta akulimbana ndi ine. Bweretsa kuno, mtsikana iwe."

Namanyazi anayala mapepalawo padesiki. Anali mapempho a dzulo, amene bwana analamula tsiku loyamba lomwe kuti aziwasindikizira m'mawa uliwonse. Bwana anatsegula cholembera chawo chagolide n'kuyamba kusayina lililonse ndi siginecha yawo yaitali ija yokhala ndi mchira, osasiya kulankhula. Atamaliza anawaponya mukabati n'kutseka.

Namanyazi anayang'ana kabatiyo monga masiku onse. Iye ankadziwa kuti siginecha ya papepala kompyuta siiona. Sabata yoyamba anayesapo kunena. Anafika pa mawu oti "Bwana, pamafunikanso..." ndipo bwana anamudula: "Ndasayina kale, mwana iwe, suona?" Chiyambire tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankadziuza kuti anena mawa.

"Matsachewo anavomereza ndani kuti agulidwe?" a Sajeni anafunsa.

Bwana anatembenukira kwa Namanyazi. Iye anayankha akuyang'ana pansi, mawu ake ngati a udzudzu: katswiri uja pophunzitsa anthu ankagwiritsa ntchito chithunzi cha tsache, ndiye analikonza kuti lizidutsa lokha osadikira bwana, n'kuiwala kubwezeretsa.

A Sajeni anamva theka lokha. Analemba m'kabuku akutchula mokweza: "Tsache... limayenda... lokha." Kenaka anamuyang'ana bwinobwino. "Mtsikanayu salankhulalankhula? Ndi amene ndikumufuna. Anyamule chipangizo chakecho anditsatire. Wosunga katunduyo akhale pabenchi, asachoke."

*

Mlonda wa pageti anaimirira njo n'kuchita sawatcha.

"Pano, bwana, sipatuluka kanthu osandiona ine. Ndimasecha zikwama, ndimasecha zipewa, ndimatsegula ngakhale kontena ya chakudya cha munthu."

"Matsache 412 anadutsa pati?"

"Pano ayi, bwana. Tsache ndi lalitali. Munthu angalibise pati? M'thalauza? Akanayenda mwendo uli gwa ngati wa pa perete, ndikanamugwira."

"Kuponya kuseri kwa mpanda?"

"Kuseriko kuli agalu a fakitale ya matiresi, bwana. Ngakhale ine sindiyang'anako."

A Sajeni anasuzumira pa tabuleti imene Namanyazi ananyamula. Chala chawo chonenepa chinatsika pamndandanda n'kuima. "Apa. Pa 9 mwezi watha. Matsache 63 tsiku limodzi. Limeneli ndiye tsiku lalikulu la akuba. Tsegula buku lakolo."

Mlonda ananyowetsa chala n'kutembenuza masamba. "Galimoto ya wogulitsa imabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Pa 11 inalowa teni koloko. Katoni imodzi, bwana. Yaikulu, yolemera, yofika m'chiuno mwangamu. Ananyamula anthu awiri."

Namanyazi anayang'ana chiuno cha mlondayo. Anali munthu wamfupi. Tsache likanamufika pachibwano.

"Masiku ena onse amabwera ndi timakatoni ting'onoting'ono," mlonda anawonjezera.

A Sajeni analuma pensulo yawo, maso ali kumwamba. Kenaka nkhope inawala.

"Ankawathyola pakati," anatero, n'kulemba.

*

A Sajeni ndi Namanyazi anapeza mayi osesa kuseri kwa makina opakira zidebe, atawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda mawondo. Atawongoka anagwira msana.

"Bambo apolisi, mwachita bwino kubwera. Wodandaula weniweni pa mlanduwu ndine. Taonani."

Anakweza chinthu chimene kale chinali tsache. Mtengo wake unali utathyoka n'kumangidwa ndi waya, ndipo tsitsi lake linatsala lochepa kuposa la pamutu pa a Sajeni.

"Ili ndinalilandira mwana wanga ali kumsana. Lero akumeta ndevu. Ndimasesa ngati ndikufunafuna ndolo yogwa. Ndiye ndikumva zoti kampani inagula matsache 412. Ankasesa kuti? Kumwamba?"

"Bwanji simunapemphe latsopano?"

"Sindinapemphe? Chipangizo chawocho ndachidina mpaka chala kuphwa. Ndidina chithunzi cha tsache, ndidina wani, chifukwa ine sindine wadyera, ndikufuna limodzi. Lachisanu akundiitana kuti mayi, katundu wanu wafika. Bwerani mudzaone katundu wanga."

Anawatsogolera ku kabati yawo yachitsulo n'kuitsegula. Pashelefu panali mababu amagetsi khumi ndi limodzi, ali m'timabokosi tawo, atandanda bwinobwino ngati mazira.

"Mababu a kampani mukuwasungiranji muno?" a Sajeni anafunsa mawu atakhwima.

"Nanga ndisesere? Ndinakadandaula kwa abambo osunga katundu aja. Munthu wabwino, koma anangoyang'ana kudenga n'kunena kuti, 'Mayi, musamadine wani.' Ndiye sabata yotsatira ndinadina thuu."

"Kunabwera matsache awiri?"

Mayiwo anapisa kuseri kwa mababu n'kutulutsa magolovesi achikopa, a anthu owotcherera zitsulo.

A Sajeni anatsegula tsamba latsopano. "Mlandu wachiwiri," anatero. "Mababu."

Namanyazi sanali kumvetseranso. Ankayang'ana mndandanda uja, umene anali atauona tsiku lililonse kwa miyezi inayi osauganizira. 14. 6. 2. 14. 1. 6. 6. 14. Munthu wogula matsache amagula khumi, kapena dazeni. Pamndandanda wonsewo panalibe khumi ngakhale pamodzi.

*

Makaniko wamkulu anthu ankamutchula kuti a Sipanala. A Sajeni anawapeza atagona chagada pansi pa makina, miyendo yokha ikuoneka.

"Mukudziwapo chiyani za matsache?" a Sajeni anafunsa atawerama.

"Mwati chiyani?"

"Matsache."

"Makutuwa anatha ndi makina, bwana. Zaka makumi awiri phokoso lokhalokha."

Nthawi yomweyo woyendetsa makina wina, chapatali ndithu, anaitana osakweza n'komwe mawu: "A Sipanala, lamba wa makina achiwiri wayamba kulira. Tidine 14?"

"Dikira kaye," a Sipanala anayankha msangamsanga. Kenaka anakumbukira za makutu awo, n'kutuluka pansi paja akutsokomola.

A Sajeni anayendayenda m'chipinda cha zipangizo, manja ali kumbuyo, n'kutsegula kabati. Kuseri kwa chitseko chake kunali mawu olembedwa ndi choko: LAMBA 14. GIRIZI 6. MAGOLOVESI 2. BABU 1.

"Ichi n'chiyani?"

A Sipanala anapukuta manja pansanza kwa nthawi yaitali. "Zaka za ana anga, bwana. Ndimaiwalaiwala."

"Mwana wanu dzina lake Lamba?"

"Woyamba ameneyo. Wamtali, wowonda."

"Ndipo Girizi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi."

"Wosagwirika, bwana. Ukamugwira apa watulukira apo."

"Magolovesi?"

"Mapasa."

A Sajeni anatseka kabati mwamphamvu. "Mukundiyesa mwana. Ine ndagwirapo magulu ngati lanuli. Awa ndi maina obisika a akuba, ndipo manambalawa ndi gawo la aliyense. Lamba ndiye mtsogoleri, amatenga 14. Babu ndi kapolo wawo, amamupatsa limodzi. Ndiyamba ndi wosunga katunduyo. Akagona m'chitokosi masiku awiri atchula yekha kuti Lamba ndani. Mtsikana, kawauze bwana wako kuti mlandu watha. Ndimwe kaye tiyi."

*

Namanyazi sanapite kwa bwana. Anapita kubenchi.

Malume ake anakhala mowongoka, chipewa chili pamiyendo. Iye anakhala pambali pawo, tabuleti ataikumbatira pachifuwa.

"Malume," ananong'ona. "Mtengo wa tsache ndi wofanana ndi wa babu?"

Malumewo anatulutsa mpweya wautali. "Amasiyana pang'ono. Wogulitsa anati tisavutike nazo."

"Ndiye lamba mmodzi ndi matsache 14."

"Mwezi woyamba uja lamba anaduka. A Sipanala anapempha pachipangizo. Sabata inatha, zii. Anapita kwa bwana, bwana akuti ndinasayina kale, kompyuta ikukonza, ndipo amene agule chinthu kunja kwa kompyuta aona msana wa njira. Makinawo akanapitiriza kuima, anthu makumi asanu ndi atatu akanabwerera kwawo osalipidwa. Ndiye ndinaona kuti tsache lokha ndi limene likudutsa. Ndinakhala pansi ndi wogulitsa, tinawerengera mtengo kwa mtengo. Iye amalemba tsache, amabweretsa lamba. Ine ndimavomera kuti tsache lafika. Palibe anadyapo kanthu. Olakwiridwa ndi mayi osesa okha."

"Bwanji osawauza a Sajeni?"

"Ndikanena, atenga a Sipanala. Wogulitsa amulanda kontirakiti. Kenaka afunsa kuti nanga mapempho enieniwo ankathera kuti, ndipo ankayang'anira ndani." Anamuyang'ana cham'mbali. "Khomo la ofesi ija limaoneka bwino ndikakhala pawindo langa, mwana wa mlongo wanga. Ndimakuona m'mawa uliwonse ukulowa ndi mapepala, n'kutuluka wopanda. Katswiri uja pophunzitsa ndinalipo nanenso. Ndinamva za chala."

Namanyazi anayang'ana pansi.

"Ndinkati tsiku lina uwauza," malume anatero mofatsa. "Koma pano usatero. Munthu ngati uja ukamuchititsa manyazi pamaso pa wapolisi sakukhululukira. Ine ndakalamba, penshoni ipite. Iwe ntchito wayamba dzulodzuloli. Ukhale mmene umakhalira."

Mlonda anatulukira pakona. "Akukuitanani ku ofesi, nonse awiri."

*

Mu ofesimo munali mutadzaza. A Sipanala anaima pakona, mayi osesa pafupi ndi khomo ndi tsache lawo lija ngati umboni. Bwana anakhala kuseri kwa desiki pampando wawo wachikopa wozungulira, akudzigwedeza uku ndi uku. A Sajeni anafotokoza za gulu la Lamba, za matsache othyola pakati, ndi za mababu, amene anati awafufuza payekha sabata yamawa.

"Zaka 26 ndikukukhulupirirani, madala," bwana anatero akupukusa mutu. "Mukanapitiriza mpaka liti pakanapanda kompyuta yangayi?"

A Sajeni anamasula unyolo palamba wawo. Malume anaika chipewa padesiki n'kutambasula manja onse awiri, ngati munthu wolandira mphatso.

"Matsachewo sanabwere."

Onse anayang'anana kufuna amene walankhula. A Sajeni anasuzumira ngakhale kukhomo.

"Sanabwere," Namanyazi anabwereza. Ulendo uno mawu ake anamveka. "Palibe anawaba chifukwa sanafikepo pano."

"Namanyazi," malume anachenjeza.

Mtsikanayo anapita pakabati ya bwana n'kuitsegula. Mapepala anakhuthukira pansi mpaka kukwirira nsapato za a Sajeni, lililonse lili ndi siginecha ya mchira ija.

"Awa ndi mapempho 530, bwana. Onse munasayina. Palibe ngakhale limodzi linafika kwa wogulitsa, chifukwa kompyuta siona inki. Imafuna chala chanu, apa, pakagalasi kofiira kamene mumaikapo kapu ya tiyi."

Bwana anayang'ana kapuyo. Anasiya kudzigwedeza.

"Miyezi inayi simunavomereze kanthu. Koma fakitale sinaime, magetsi sanazime, anthu sanapse manja. Simunadabwe? Zonsezo ndi matsache. Lamba ndi matsache 14. Girizi ndi asanu ndi limodzi. Babu ndi limodzi, n'chifukwa chake mayiwa ali ndi mababu khumi ndi limodzi ndipo akusesa ndi waya."

"Ndinkadziwa ine kuti pali chibwana," mayi osesa anatero.

"Ndiye kuti Lamba si munthu?" a Sajeni anafunsa, mawu atagwa.

"Ndi lamba, bwana," a Sipanala anayankha. Makutu awo anali atachira.

A Sajeni anatembenuza masamba a kabuku kawo mofulumira, kufuna chimene chingapulumuke. "Nanga 63 aja? Katoni ya m'chiuno ija?"

"Pa 8 mwezi watha bwana anadandaula msana," Namanyazi anatero. "Anauza malume kuti akufuna mpando watsopano sabata isanathe, ndipo sakufuna kumva nkhani."

Maso onse anatsikira pampando wachikopa uja. Bwana anayamba kudzuka, n'kuona kuti kudzukako kukuwonjezera mlandu, ndiye anakhalanso cha kumphepete.

"Akhalira umboni," a Sajeni ananong'ona, pensulo ili m'mwamba, osadziwa ngati alembe.

Khosi la bwana linali litatupa. "Mtsikana iwe, ukudziwa amene ukulankhula naye? Ngati zinali choncho, bwanji sunandiuze? Ntchito yako inali chiyani?"

Apa ndi pamene masiku onse Namanyazi ankayang'ana pansi. Anayang'anadi, n'kuona mapepala aja ali mbwee, ndi manja a malume ake akadali otambasula. Anadzutsa mutu.

"Ntchito yanga inali kukuuzani, bwana, ndipo sindinakuuzeni. Ndinayesa kamodzi, munandidula, ine n'kuchita mantha. M'mawa uliwonse ndinkakubweretserani mapepala ndikudziwa kuti akupita kukagona mukabati. Pamenepo ndinalakwa ndine. Koma inunso a Sipanala anabwera kudzakudandaulirani, munawabweza. Pano aliyense amakuopani, ndiye aliyense amakuuzani kuti zili bwino. Malume anga anayendetsa fakitale yanu miyezi inayi ndi chithunzi cha tsache, osatengapo ngakhale msomali. Tsitsani manjawo, malume."

Malumewo anatsitsa manja pang'onopang'ono, akumuyang'ana ngati mlendo.

Namanyazi anaika tabuleti padesiki, n'kutambasulira a Sajeni dzanja lake lamanzere.

"Ngati simungabwerere kupolisi opanda munthu, a Sajeni, unyolo wanuwo uli ndi mbali ziwiri. Ina ikani apa. Inayo ikani kwa bwana, koma kudzanja lamanzere, chifukwa lamanjalo likufunika. Pali mapempho 530 oti adine, ndipo ine ndikhala pambali pawo mpaka amalize."